Zimene Anakwirira Pansi pa Kalasi ya Ana

M'mawa wina Madamu atangotsegula chitseko cha kalasi yatsopano ya sukulu yawo ya mkaka, mphuno inawauza kuti zinthu sizili bwino. Ana atafika anawandandalika kukhoma n'kuyamba kuwanunkhiza mmodzimmodzi.

"Amene wadziipitsira anene yekha, sindimukalipira," anatero Madamu.

Ana anangoyang'anana. Wina analoza mnzake, mnzakeyo n'kuyamba kulira. Madamu anasuzumira m'kakabudula kalikonse koma ana onse anali bwinobwino. Anasanthula zikwama poganiza kuti mwawolera chakudya chadzana, anasuntha kabati kufuna khoswe wakufa, koma sanapeze kanthu. Anakolopa ndi mankhwala onunkhira, anapaka polishi wofiira mpaka pansi panali waliwali, kenako anafukiza lubani. Koma abale, fungo la zowola likasakanikirana ndi lubani ndiye limachita kudzutsa mseru weniweni. Dzuwa likatentha malata m'kalasimo munkangoti guu, ndipo ntchentche zobiriwira zija zinayamba kufika m'mawa uliwonse ngati nazonso zalembetsa sukulu.

Chonyansa kwambiri pa nkhaniyi si fungolo ayi. N'chakuti pamene Madamu ankanunkhiza ana osalakwa aja, mumtima mwawo ankadziwa bwino lomwe kumene fungolo linkachokera.

Sukuluyi anaiyambira pabalaza pa nyumba yawo ndi ana ochepa a anthu oyandikana nawo. Kulera ankakudziwa, zimenezo tisawalande. Mwana wolira ankatonthola m'manja mwawo, wokana kudya ankadya. Makolo ankasiya ana pageti n'kumapita kuntchito osacheuka n'komwe. Sukuluyo inalibe chikwangwani kapena galimoto yotengera ana. Chimene chinkaiyendetsa chinali chikhulupiriro cha makolo basi, ndipo Madamu ankadziwa kuti tsiku limene chidzathe, sukulu idzathera pomwepo.

Ana atachuluka, anaganiza zomanga kalasi kuseri kwa nyumba. Malowo anali otsetsereka, moti maziko atamangidwa, mbali yakumunsi kunatsala dzenje lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Dzenjelo linafunika kudzaza asanathire simenti ya pansi.

Mwa makolo a pasukulupo munali mayi wina wophunzitsa zomangamanga kusukulu ya ntchito zamanja, amene anthu ankangowatchula kuti a Injiniya. Mwana wawo wamkazi sankatopa ndi kufunsa, n'chifukwa chake aliyense ankamuitana kuti Kafunso. Tsiku lina podzatenga mwanayo, a Injiniya anazungulira kuseri n'kuima pamphepete pa dzenje lija.

"Madamu, apa musadzazepo mwachisawawa," anatero a Injiniya. "Mwauona mpanda wakale umene akugumula kumtunda kwa msewu uja? Eni ake akusowa kotaya zidutswa. Kapempheni. Njerwa zosweka ndi zidutswa za konkire n'zabwino kwambiri podzazira, ndipo simuvutika kukakumba maenje kwina kapena kugumula gombe la mtsinje. Koma muzisankhe kaye. Mitengo, mapepala, nsanza, chilichonse chimene chimawola chichoke. Zotsalazo muziphwanye, muzithira pang'ono, kuwaza madzi, kutsindira, kenako kuthiranso. N'zochedwa ndithu, koma pansi pamakhala nji."

Madamu anathokoza ndipo madzulo ake anafotokozera mmisiri wawo. Mmisiriyo anali mlamu wawo, mkulu wa amuna awo, bambo amene anthu anawapatsa dzina loti a Chidule chifukwa ntchito iliyonse ankaipezera njira yodutsira pafupi. Dzinalo ankalinyadira ngati ndi satifiketi.

"Alamu, zimenezo n'za pabolodi," anatero a Chidule akuseka. "Tikhale pansi amuna akuluakulu kumasankha zidutswa ngati nyemba? Ndiye kalasiyi mudzatsegula ana amenewa ali ndi ndevu. Ine ndili ndi mnzanga amayendetsa lole ya zinyalala. Kumtaya n'kutali, tsiku lililonse amadandaula. Angodzakhuthula pompano, lero lomwe dzenje ladzaza. Pamwamba tiwaza kadothi, simenti phaa, ndani adzaone?"

"Iii alamu, zinyalala zenizeni? Pokhala ana?"

"Pansi pa simenti chilichonse chimasanduka dothi. Ndiponso si a Injiniya anu omwewo akuti tisamataye zinthu, tizizigwiritsanso ntchito? Ifenso tikusamala chilengedwe, kungoti ife tikusamala mwachangu."

Tsiku lotsegulira sukulu linali pafupi, mitambo ya mvula inali itayamba kusonkhana, amuna awo anali kutali kuntchito, ndipo kukangana ndi mlamu wamkulu si kophweka. Zifukwa zinalipo zambiri, monga zimakhalira nthawi zonse munthu akafuna kuchita chinthu chimene akudziwa kuti n'cholakwika. Lole ija inabwera ikudontha madzi akuda kumbuyo, ntchentche zikuiperekeza. Madamu anaima pakhonde n'kuona ndi maso awo zimene zinkakhuthulidwa. Anatseka mphuno ndi nsalu, analowa m'nyumba n'kutseka mawindo. Sanatulukenso mpaka a Chidule atakwirira.

Patapita masiku a Injiniya anafunsa pageti kuti, "Zidutswa zija munakatenga?"

"Zonse zinayenda bwino, mayi," anayankha Madamu akumwetulira.

Ndiye fungo lija litayamba, Madamu ankangodzilimbitsa mtima kuti lidzatha lokha. Mvula itagwa, zinthu zinafika poipa. Pakona yakumunsi panatuluka mng'alu wopyapyala, n'kuyamba kuyenda kulowera pakati pa chipinda. Pansi panapendekeka, moti mpira ukauika pakati unkagubuduka wokha kupita kukonako, ana n'kumaombera m'manja poyesa ndi masewera. Kenako mumng'alumo munayamba kutuluka timadzi takuda, tonanda, tosiya chizindikiro ngakhale utakolopa chotani. Madamu anamatapo simenti, inasweka. Anamatanso, inaswekanso. Mapeto ake anangoyalapo mkeka.

Ana a msinkhu umenewo moyo wawo wonse uli pansi. Amakhala pansi, amakwawa pansi, amagona pansi masana, ndipo bisiketi ikagwa amatola n'kuponya m'kamwa munthu usanaphethire. Tsiku lina pa nthawi ya chakudya, Kafunso anatukula ngodya ya mkeka n'kuwerama.

"Madamu, bwanji mpunga uwu ukuyenda?"

Madamu anawerama n'kuyang'ana. Zinali mphutsi, zoyera, zonenepa, zikutuluka mumng'alu zili nyakanyaka, ndipo kamnyamata kena kanali katatola kale imodzi kakuiyang'anitsitsa pachikhatho. Madamu anakaphumitsa, anatulutsa ana onse panja, anathira madzi otentha, anasesa, n'kubwezeretsa mkeka pamalo pake. Ana analowanso n'kupitiriza kuimba nyimbo ya zilembo. Asa! Munthu wamkulu, wodziwa kuwerenga, wosambitsa ana m'manja ndi sopo asanadye, n'kumawakhazikanso pamwamba pa dzala.

Sabata imeneyo ana anayamba kutsegula m'mimba. Makolo ankaganiza kuti ndi matenda a nyengo ya mvula, wina ankati mwana akumera mano. Koma Kafunso zinamukulira. Anasanza mpaka maso analowa m'kati, ndipo anagonekedwa kuchipatala ali ndi diripi pakadzanja. Namwino anafunsa a Injiniya za madzi akumwa, za chimbudzi, za kumene mwana amaswera. Kafunso atapezako mphamvu anawafotokozera amayi ake za mpunga woyenda ndi za mpira wogubuduka wokha. Mayi wina akanangoseka, koma a Injiniya sanaseke.

Anafika pasukulupo m'mawa, nthawi imene makolo amasiya ana, atanyamula hamala yaikulu. Anapereka moni mwaulemu, analowa m'kalasi n'kukoka mkeka uja. Kunsi kwake kunali konyowa, kwa nkhungu. Anagogoda pansi ndi mpini wa hamala kuyambira kukhomo. Kumeneko kunkamveka kolimba, koma atafika pakati panayamba kulira ngati mgolo wopanda madzi.

"Madamu, tulutsani ana, akakhale pabalaza. Ndipo muwaitane amisiri anu."

A Chidule anabwera akutafuna kamtengo, n'kupeza makolo atadzaza pakhomo ndi m'mawindo.

"Ndi mvula ya chaka chino iyi," anatero asanafunsidwe n'komwe. "Ngakhale nyumba zosanja zikung'aluka. Tingomatapo basi."

A Injiniya anakweza hamala n'kumenya pamng'alu, simenti inangoti phwanyu n'kugwera m'kati, poti kunsi kwake kunali mphako yolowa mkono wonse. Fungo limene linatuluka pamenepo silifotokozeka. Anthu a m'mawindo anabwerera m'mbuyo onse nthawi imodzi, mayi wina woyembekezera anathamangira kumpanda n'kukasanza. Mphemvu zinabalalika chipinda chonse, zina kukwera m'makoma mpaka pa zithunzi za zipatso zimene ana ankaphunzirira.

A Injiniya anamanga mpango kumphuno, anapempha fosholo n'kuyamba kuvuula. Munatuluka matewera a ana osadziwika, otupa ndi madzi. Munatuluka makabichi osungunuka, nthenga ndi matumbo a nkhuku, tsitsi lometedwa lomatirira m'majumbo, nsapato imodzi, mabatire otumbuka, chigaza cha galu. Fosholo yomaliza inabwera ndi mabandeji akuda ndi singano ya jekeseni. A Injiniya anaiika pambali payokha kuti aliyense aione. Pamwamba pa zimenezi ndi pamene ana ankadyera ndi kugona.

"Inu bambo, n'chiyani ichi?" anafunsa bambo wina, kholo la ana amapasa.

"Kugwiritsanso ntchito zinthu," anayankha a Chidule, manyazi alibe ngakhale pang'ono. "Si zimene amaphunzitsa mayiwa? Akuti tisamataye, tizisamala chilengedwe. Lero zasanduka mlandu?"

A Injiniya anatsitsa fosholo. "Bambo, musadetse mawu abwino. Inde ndimaphunzitsa kuti pomanga tisamawononge. Njerwa yakale, chidutswa cha konkire, felemu ya chitseko, lata losabooka, zonsezi zimagwiranso ntchito, ndipo tikatero timapulumutsa mitengo, mchenga ndi dothi. Koma chinthu chilichonse chili ndi malo ake. Chowola chimafota. Lero chadzaza dzenje, mawa chatsika n'kusiya mphako, simenti n'kutsala ili lende popanda choigwira. Pamene chikuwola chimatulutsa mpweya woipa, ndipo mpweyawo umafuna potulukira. Madzi a mvula akadutsamo amatenga tizilombo ndi poizoni wa mabatire awa, ena amakwera mumng'alu, ena amatsikira kuzitsime za anzathu akumunsi. Makoko ndi masamba malo ake ndi padzenje la manyowa. Za kuchipatala zili ndi kowotchera kwake. Inu simunasamale chilengedwe, mwangosamutsa mtaya n'kuubisa pansi pa ana."

"Chizungu chambiri," anang'ung'udza a Chidule.

A Injiniya anatembenukira kwa Madamu, amene anali ataima pakhomo manja ali m'thumba la epuloni. Mawu awo anafewa, chifukwa Madamuwo ankawakonda ndipo ankafuna kuwapezera pothawira.

"Madamu, anakupusitsani eti? Anachita inu mutachokapo?"

Madamu asanatsegule pakamwa, a Chidule anaseka. "Kupusitsa ndani? Alamu, musandisenzetse ndekha katunduyu. Si munali pakhonde lole ikukhuthula? Munagwira mphuno n'kukatseka mawindo. Kapena ndikunama?"

Makolo onse anayang'ana Madamu kudikira kuti akane. Madamu anayang'ana pansi, koma pansipo ndi pamene panali matewera aja.

"Sakunama," anatero motsitsa.

Akanatukwanidwa mwina zikanapepuka. Koma palibe anakweza mawu. Makolo analowa pabalaza mmodzimmodzi, aliyense n'kunyamula mwana wake. Bambo wa amapasa uja anabwerera kudzatenga makapu a ana ake pawindo la kalasi. Anawanyamula ndi nsonga za zala, anawayang'ana, n'kuwaponya pamulu wa zinyalala uja. Pofika masana pabwalo panali patatsala nsapato ya mwana imene inavuka pothamanga.

A zaumoyo anabwera, anatseka sukulu ndi kulamula kuti zonse zifukulidwe, ndipo anachenjeza mabanja akumunsi kuti aziwiritsa madzi a pachitsime mpaka atawayeza. A Chidule foni yawo inasiya kupezeka. Amuna a Madamu atabwera anakalipa tsiku lonse, koma mawa lake anavala majombo. Aganyu ambiri ankangofika, kununkhiza, n'kubwerera, choncho ntchito yambiri anaigwira okha awiriwo. Madamu, amene anatseka mawindo kuthawa fungo la tsiku limodzi, tsopano ankalowa m'dzenjemo mpaka m'mawondo, kukankha wilibala, kusamba, n'kumanunkhabe pogona. Chakudya chinkawakanika kumeza. Analira kangapo konse, ndipo kunena zoona panalibe wowamvera chisoni kwenikweni.

Amene anabwera mosayembekezeka anali a Injiniya. Anafika ndi ophunzira awo a zomangamanga atavala zipewa zolimba.

"Ndabwera nawo kuti aone ndi mphuno zawo," anatero. "Zimenezi pabolodi sizimveka."

Anachotsa dothi lonse lodetsedwa mpaka anafika polimba. Mpanda wakale uja unali utatha kale, koma kunapezeka sitolo ina imene inkagumulidwa, eni ake n'kukondwa kuti apeza wowachotsera zidutswa. Ophunzira aja anakhala pansi n'kusankha, inde ngati nyemba, ndipo palibe anamera ndevu. Anaphwanya, anathira pang'onopang'ono, kuwaza madzi ndi kutsindira mpaka chotsindira chinkadumpha chokha. Anayala pulasitiki yotchinga chinyezi asanathire simenti. Kusitolo komweko anatengako felemu ya windo n'kuiika moyang'anana ndi windo lakale kuti mphepo izidutsa. Kudenga anaika ngalande yolowetsa madzi a mvula m'thanki, kuti asamakumbe maziko komanso ana azisambira m'manja.

Kalasi inatha bwino kuposa poyamba. Munali mowala, mozizira, mosanunkha kanthu. A zaumoyo anabwera, anayendera n'kuvomereza kuti sukulu itsegulidwe. Tsiku limene ophunzira ankalongedza zida zawo, Madamu anawaperekeza a Injiniya mpaka pageti. Anathokoza mobwerezabwereza, kenako anafunsa funso limene linkawasowetsa tulo.

"Ndiye Kafunso ayamba liti, mayi? Mukamubweretsa inu, enawo atsatira. Akudziwa kuti mwamanga ndinu."

A Injiniya anapukuta fumbi m'manja.

"Chipindachi ndilibe nacho mantha, Madamu, poti ndatsindira ndekha. Ndakuthandizani chifukwa sindikanalola kuti zija zikhale pansi apo, kaya mudzalowe mwana wa ndani. Koma ine m'mawa ndikamapita kuntchito, mwana ndimasiyira munthu, osati chipinda. Ndinakufunsani pageti pano, munandiyang'ana m'maso n'kunena kuti zonse zinayenda bwino. Pepani, mtima wanga sunafike."

Lolemba m'mawa Madamu anavala epuloni yochapa, anatsegula geti n'kuima pamenepo monga ankachitira kale. Anabwera ana owerengeka, a mabanja ongosamukira kumene m'deralo. Makolo akale ankadutsa tsidya lina la msewu, ena akuyang'ana pafoni ngati alandira uthenga wofunika. Kenako anatulukira a Injiniya atagwira Kafunso padzanja. Mwanayo anali atachira, masaya atabwerera, atavala yunifolomu ya sukulu ina.

"Madamu! Madamu!" anakuwa Kafunso akukoka dzanja kuti awolokere kugeti. "Amayi, bwanji sitikulowa?"

A Injiniya anapereka moni mwaulemu, anamugwiritsitsa mwanayo n'kupitirira. Kafunso anayenda chocheuka akubayibitsa mpaka anakhota pakona, ndipo Madamu anatsala dzanja lili m'mwamba.

Phunziro: Kumanga mosamala chilengedwe si kukwirira chilichonse chimene chatayidwa. Zidutswa za njerwa ndi konkire, mafelemu ndi malata abwino tizigwiritsenso ntchito, koma tizisankhe, tiziyeretse ndipo podzazira maziko tizitsindire bwino. Zinyalala zowola, mabatire ndi zotayidwa za kuchipatala zisalowe pansi pa nyumba, chifukwa zimagwetsa simenti, zimadetsa madzi ndi kudwalitsa anthu. Mmisiri akamachita cholakwika inu mukuona, muletseni nthawi yomweyo ngakhale akhale m'bale wanu. Simenti yosweka imathiridwanso, koma anthu amene anakukhulupirirani sabwerera chifukwa choti mwakonza pansi.